Mmene Tadala Anatsalira ku Dubai

Pemphero, mwamuna wanga, ika foniyo patebulo ukweze mawu, ndipo zala zako zokonda kudinadinazo uzikhalire. Kondwani akhale pafupi. Tadala, mkazi mnzanga, ndikudziwa kuti waima pakhomo ngati sukumvera, koma uthenga uwu mwini wake ndiwe. Ndine gogo wanu Nachisale, ndikulankhula ndili m'kachipinda kanga kuseri kwa khitchini kuno ku Al Mankhool, mu Dubai. Lero ndi Lamlungu masana, madamu amene ndimawagwirira ntchito apita kukacheza kwa anzawo, nthawi ndili nayo.

Kale tikafuna kulankhula ndi akumudzi tinkajambula mawu pa kaseti. Unkakhala pansi ndi wailesi ya mabatire, kudina mabatani awiri nthawi imodzi, n'kuyamba kupereka moni kwa mudzi wonse mmodzimmodzi. Kasetiyo inkayenda m'chikwama cha munthu milungu itatu, pokafika n'kupeza wina amene unamupatsa moni anaikidwa kale m'manda. Lero mawu amafika ndisanatseke pakamwa, koma nkhani imene ndikufuna kunenayi yanditengera zaka khumi ndi zinayi.

Bambo anu anabwera kudzandiona sabata yatha kuchokera ku Sonapur, kumene kampani yawo ya ulonda imawagoneka. Ndinawapatsa tiyi, iwo n'kunena chimene anabwerera. Akuti iwe Tadala unawayankha amayi ako pamaso pa alendo, unati, "Inu musandiuze zochita, munanditaya ku Dubai ndili wakhanda." Akuti chiyambire tsiku limenelo sulankhula nawo, ndipo wanena kuti ukamaliza sukulu udzachoka pakhomopo osabweranso. Amayi ako sanakuyankhe, ndipo sadzakuyankha, chifukwa kuti ayankhe ayenera kutchula dzina langa. Ndiye ndilitchule ndekha.

Ndiyambira kutali, mukudziwa kale kuti gogo wanu sadziwa njira yachidule. Ine ndinabadwira kwathu ku Ntcheu, m'nyumba ya udzu, ndipo palibe amene analemba tsiku. Nthawi imeneyo munthu sankafunsidwa pepala kuti adziwike kwawo. Ankafunsa chiwongo chako ndi mudzi wa mayi ako, basi, wadziwika. Ife a m'malire tinkalima kachewere tsidya lino n'kukagayitsa chimanga tsidya la Mozambiki, mseu wokha ndiwo unali pakati. Bambo anga anapita ku Halale wapansi, atanyamula mphasa ndi thumba la chimanga chokazinga, ndipo paulendo wonsewo ankaopa mikango ndi ng'ona za mu Zambezi, osati munthu wa chidindo.

Nditakwatiwa ndi agogo anu aamuna, malemu a Mbewe, tinatsata njira yomweyo, koma ife pa basi, kudzera ku Tete nkhondo ili mkati, magalimoto atandondozana asilikali ali kutsogolo. Tinakakhala pa famu ya fodya ku Zimbabwe. Komboni yonse inali ya anthu akwathu, Chichewa chokhachokha. Loweruka tinkalandira phoso la ufa, nyemba, mchere ndi matemba. Ine ntchito yanga inali yosoka fodya pa chingwe, manja akuda bii ndi phula lake lowawa, loti ngakhale usambe kawiri chakudya chinkamvekabe fodya. Amayi anu, Edina, anabadwira m'komboni momwemo. Bambo anu a Luka nawonso, nyumba yachitatu kuchokera pa mpopi. Ndinawaona akukwawa m'fumbi opanda kabudula, lero ndi akamwini anga, ndimawagwadira powapatsa madzi. Kondwani, leka kuseka.

Apa mumvetsetse, chifukwa ndi pamene panayambira kuuma mutu kwanga. Kwathu mtsikana akakhala ndi mimba yachisamba, ndiye kuti yoyamba, amapita kukachirira kwa mayi ake. Mayi akewo ndiwo amamuthowa ndi madzi otentha, amamuphikira phala, amasambitsa khanda, ndipo amakhala naye m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Ine pobereka Edina sindinapite kwa mayi anga chifukwa njira ya ku Tete inali itaopsa. Anandithowa mayi wina wa m'komboni, wa manja olimba ngati akukanda dothi la njerwa. Ndinalirira mayi anga ngati kamwana, ndipo ndili chigonere pamphasapo ndinalumbira kuti mwana wangayu sadzachirira m'manja mwa mlendo ine ndili moyo.

Mafamu atayamba kulandidwa, tinazindikira kuti dziko lija silinkatiwerengera. Pa zitupa za ana amene anabadwira momwemo panalembedwa kuti ndi alendo. Tinamanga katundu n'kubwerera kumudzi, kumenenso anthu ankatitcha a ku Halale. Komabe boma la kwathu linawalandira ana athu. Edina anapeza pasipoti ya Malawi chifukwa cha ine, a Luka chifukwa cha bambo awo, poti ife makolo tinabadwira m'dzikomo. Ine ndinaona kuti nkhani ya mapepala yathera pomwepo.

Agogo anu atamwalira ndinalowa ntchito yolera ana kwa mmwenye wina wa sitolo ya nsalu ku Limbe. Banja limenelo litasamukira kuno ku Dubai linanditenga, ndipo ndi lomweli ndikukhala nalo mpaka lero. Za ndege yoyamba ndi za mmene ndinakanira kulowa mu lifiti ndinakuuzani kale, sindibwereza kuti muzindiseka. Patapita zaka, amayi anu anakwatiwa ndi a Luka, onse awiri n'kupeza ntchito konkuno, bambo anu ya ulonda, amayi anu yochapa ndi kusita ku hotela. Ine simbi ndinaidziwa ya makala, youzira ndi pakamwa, koma iwo ankasita ndi chimakina chachitali ngati ngolo.

Kenako Edina anaima. Miyezi itakwana isanu ndi umodzi anabwera kuno Lachisanu lina, anakhala pabedi lomwe ndakhalapoli, nati, "Amayi, tikiti tagula. Ndikachirira ku Balaka kwa apongozi anga."

Mtima wanga unanyamuka. Ndinati, "Ine ndafa kodi?"

"Ayi amayi, koma anzanga ku ntchito akuti kuno mwana sapatsidwa mapepala."

"Anzakowo anabereka angati? Mwana wachisamba amachirira kwa mayi ake. Mayi ako ali kuno, ndiye kwanu ndi kuno. Khalas."

Khalas ndi mawu a kuno, amatanthauza kuti nkhani yatha, ndipo ine ndinkawakonda kwambiri masiku amenewo. Bambo anu anali ataima pakhomo. Ndinaona kuti ali ndi mawu, koma mkamwini satsutsana ndi apongozi ake maso ndi maso, choncho anangoyang'ana pansi. Ulemu umenewo ine ndinaudyerera. Ndisabisenso china: mumtima ndinkanyadira kuti mdzukulu wanga adzakhala mwana wa ku Dubai, wobadwira m'chipatala chowala ngati hotela, kuti akumudzi amene ankatitcha a ku Halale amve.

Bwana wanga, mmwenye uja, anamva phokosolo. Tsopano anamwalira, Mulungu awasunge. Anali munthu wokonda nyuzipepala, ndipo Chichewa ankalankhula cha m'sitolo, chothyokathyoka koma chomveka. Mawa lake ndikuwapatsa tiyi anandiuza kuti ndikhale pampando, chinthu chimene sanachitepo.

Anati, "Nachisale, mayiko ali mitundu iwiri. Ena amayang'ana dothi limene mwana wagwerapo, ena amayang'ana magazi a makolo. La dothi linali lamulo la Angerezi kalekale. Aliyense wobadwira m'dziko la mfumu yawo anali munthu wa mfumuyo, ngakhale mwana wa mlendo wongodutsa. Lamulolo linawoloka nyanja n'kukafika ku America, ku Canada, ku Australia, ku India. Koma alendo atachuluka, eni ake a ku Mangalande anatseka chitseko. Australia anatseka, India anatseka, Ireland anatseka. America ndi Canada ndiwo sanatseke, ngakhale nawonso amakangana. Kuno chitseko chimenecho sichinatsegulidwepo. Amafunsa kuti bambo ake ndi ndani."

Ndinati, "Nanga si bambo ake ndi Mmalawi?"

Anapukusa mutu. "Ine ndinabadwira ku Limbe. Manda a bambo anga ali ku Limbe. Koma lamulo la kwanu panthawi ina linkafunsanso mtundu wa munthu, ndipo ine pasipoti yanga ndi ya ku Mangalande, dziko limene ndikapita ndimadwala chifuwa. Mlonda wa pansi uja, wa imvi uja, anabadwira mu Dubai momwe muno, koma mpaka lero amakaima pamzere wa viza ngati anafika dzulo. Mwana wako ndi mkamwini wako onse awiri anabadwira ku Zimbabwe. Funsa bwino usanamuletse mtsikanayo kupita."

Ana inu, munthu ananditsina khutu masana dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinanyamula thireyi n'kumapita kukhitchini ndikuseka chamumtima. Chaka chomwecho mpongozi wa bwanayo anali atakwera ndege ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri kupita ku Canada, kukangoberekera kumeneko kuti mwana adzakhale ndi pasipoti ya dzikolo. Ine ndinamulongedzera masutikesi ndikumumvera chisoni kuti akukachirira kutali ndi mayi ake chifukwa cha kabuku. Ndinati mavuto a mapepala ndi a amwenye, anthu osowa mudzi. Ife tili ndi mudzi, tili ndi manda a makolo, angatikane ndani? Sindinafunse munthu aliyense. Tikiti ija anakaibweza.

Tadala, unabadwa Lachiwiri m'mawa, tsitsi lambiri, mawu ngati a mbuzi. Makolo ako ankachita lendi kachipinda ku International City, nyumba imodzi yogawidwa ndi matabwa, mbali ina kukugona Afilipino, mbali ina anyamata a ku Zambia. Madamu anandipatsa milungu iwiri. Ndinamanga chitenje pakhomo kuti chikhale chikuta chathu, ndinatenthetsa madzi m'ketulo yamagetsi, ndinawathowa amayi ako ndi manja angawa. Matewera otaya ndinawakana, ndinkachapa a nsalu n'kuyanika pazenera, eni nyumba akudandaula. Sindinama, milungu iwiri imeneyo ndinakondwa kuposa nthawi ina iliyonse m'moyo wanga. Lumbiro langa linakwaniritsidwa.

Chipatala chinapereka kalata yosonyeza kuti unabadwa, koma kalata imeneyo sinena kuti ndiwe wa dziko liti. Bambo ako anatumiza mafomu kwathu kuti upeze pasipoti. Yankho linabwera patapita miyezi, laulemu ndithu, ndipo bwana ndiwo anatiwerengera. Linati mwana wobadwira kunja amatenga unzika wa Malawi ngati mayi kapena bambo ake anabadwira m'dzikomo. Amayi ako anabadwira kunja, bambo ako anabadwira kunja, iwenso wabadwira kunja. Unzika wotengera kwa makolo unathera pa iwo. Kuti iwe ulembedwe panafunika pempho lapadera, ndi umboni woti ife agogo ako tinabadwiradi ku Malawi. Ndinafunsa kuti, nanga akanabadwira ku Balaka? Bwana anavula magalasi nati, "Pakanakhala popanda funso lililonse." Ndikanakonda akanandikalipira.

Ndiye unali mwana wa kuti? Dubai ankati ndiwe wa bambo ako. Zimbabwe sankawadziwa makolo ako. Malawi ankati dikirani tione. Wopanda pasipoti sakwera ndege, choncho sukanatuluka m'dziko limene silinkakuwerengera.

Uli ndi miyezi isanu ndi umodzi kontirakiti ya amayi ako inatha, ndipo sanawawonjezere. Kuno ntchito ikatha viza imathanso, amakupatsa masiku owerengeka kuti utuluke. Anayenda m'mahotela, m'masitolo, m'nyumba za anthu, iwe uli kumsana, koma palibe amene ankafuna wantchito wa khanda. Tsiku lina anandigwira miyendo, nati, "Amayi, ndibisala. Ena amabisala zaka. Mwanayu sindimusiya." Ine ndi bambo ako tinawaletsa. Tinati akakugwira akutsekera, akuthamangitsa osadzabweranso, ndiye mwana udzamuona liti? Ndinati pita ukathamangitse mapepalawo uli komweko, miyezi iwiri siichedwa, inshallah, Mulungu akalola. Ku Sonapur, kumene bambo ako anasamukira, amuna amagona asanu ndi atatu chipinda chimodzi, mwana saloledwa, choncho madamu anavomera kuti ukhale ndi ine m'kachipinda kano.

Ku bwalo la ndege anakuyamwitsa komaliza atakhala pa benchi. Anakuika m'manja mwanga uli mtulo. Pamene ankalowa pachipata ndinaona kuti bulauzi yawo yanyowa kutsogolo konse ndi mkaka, ndipo sanaiphimbe, anangoyenda choncho anthu akuwayang'ana.

Miyezi iwiri ija inasanduka zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu. Umboni woti ine ndinabadwira ku Ntcheu ukanachoka kuti, poti palibe analemba? Khadi langa la ubatizo linadyedwa ndi chiswe. Bambo a bambo ako anali atamwalira. Amayi ako anayenda Balaka, Ntcheu, Blantyre, Lilongwe, pa minibasi, pa kabaza, wapansi. Anafufuza m'mabuku akale a mpingo, anasaka nkhalamba zimene zinandiona ndili mwana kuti zikaikire umboni, ina inamwalira sabata yoti ipite kukadinda chala. Pasipoti yako yoyamba ija, ya chithunzi cholira chija, anaiyendera ndi mapazi awo.

Mpaka apa mwina mukuti gogo analakwa mosadziwa, analakwitsidwa ndi mwambo. Chotsalachi ndinachita ndikudziwa.

Amayi ako ankaimba foni Lachitatu ndi Loweruka lililonse. Poyamba ndinkakuika foniyo kukhutu. Ukamva mawu awo unkayang'ana uku ndi uku, kenako n'kulira tsiku lonse, phala osadya. Madamu anayamba kukwinya nkhope. Ndinayamba kunena kuti wagona. Poyamba ndinkati ndikuchitira iwe. Koma unakula, unayamba kuyenda, ndipo tsiku lina ndikusenda anyezi unandikoka chitenje n'kunena kuti "mama". Sindinakukonze. Ine amene ndinalera ana a eni ake moyo wanga wonse, ana oti akakula amakuiwala, ndinamva kukoma. Kuyambira pamenepo foni ya amayi ako inkandiopsa ngati munthu wodzalanda. Inkalira m'thumba la epuloni, iwe uli kumsana kwanga, ine n'kumapitiriza kukolopa. Bambo ako akafunsa ndinkati netiweki ikuvuta, ndipo iwo, mwa ulemu womwe uja, sankafunsanso kachiwiri.

Loweruka lina ndinayankha. Ndinati wagona. Iwe unali pansi pa tebulo ukuseka ndi mphaka wa madamu. Amayi ako anati, "Amayi, ndikumumva. Musamuitane ngati simukufuna. Ingoikani foniyo pansi ndizimumvera akuseka." Ine ndinadula.

Mapepala atatuluka, ine ndi bambo ako tinakuperekeza kumudzi. Pa bwalo la ndege ku Lilongwe amayi ako anagwada pansi atatambasula manja, iwe unabisala kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Mama, antiwa akufuna chiyani?" Anadzuka, anasansa fumbi m'mawondo, anandipatsa moni wa ulemu wonse, nanyamula chikwama changa. Mpaka lero sanandifunsepo za foni ija.

Ndipo uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditabwera ku tchuthi, unandifunsa tikutola nyemba pakhonde kuti n'chifukwa chiyani amayi ako anakusiya. Ukukumbuka chimene ndinayankha? Ndinati, "Zinali zovuta, mwanawe." Basi. Ndinakuona ukumeza mawuwo molakwika ndipo ndinakusiya, chifukwa ndinkafuna ndikhalebe gogo wabwino amene anakutola utatayidwa. Zimenezi zimandichititsa manyazi kuposa zina zonse ndanenazi.

Pemphero ndi Kondwani, inu munabadwira ku Balaka, pachipatala cha boma, amayi anu atagona pa bedi limodzi ndi mayi wina. Anawathowa apongozi awo, ndipo anawathowa bwino. Ine sanandiitane, sindinafunsenso chifukwa chake. Mukadzakula n'kupita kunja, poti ana a masiku ano nonse maso ali kunja, mudzafunse lamulo la dziko limenelo ndi la kwanu lomwe mwana asanabadwe. Malamulowa amasintha ngati mitengo ya pamsika, dziko limene linkalandira dzulo lero likukana. Ndipo nkhalamba ikadzakuuzani kuti khalas, mudzaipatse ulemu wake, koma tikiti musadzabweze.

Viza yanga ikutha mwezi wa Disembala, ndipo pa msinkhu wangawu madamu akuti sakwanitsanso kundiwonjezera. Zaka zonsezi ndakolopa dziko lino, koma ndituluka ngati mmene ndinalowera, mlendo wa sutikesi imodzi. Sindikudandaula, lamulo lawo sanandibisire. Ndikubwera kumudzi.

Tadala, mkwiyo umene uli nawowo sindikuti uutaye. Unachitiridwadi zoipa, unachotsedwa kubere usanakhute, unakula zaka zitatu osamdziwa mayi ako. Koma wakhala ukukwiyira munthu wolakwika. Ubwere nawo kwa ine, ndili ndi msana wouzenzera. Ukadzapanda kubwera kudzandichingamira, ukadzakana kundipatsa moni, ndidzamvetsa, ndipo sindidzadandaula kwa munthu. Chimodzi chokha ndikupempha, ngati gogo wonga ine angapemphebe kanthu. Amayi ako akamabwera kuchokera kumsika madzulo ano, dengu lili pamutu, usadikire kuti afike pakhonde. Ukawalandire katundu kumseu.